Sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ndi anthu a ku Bua: mafunso ndi mayankho

Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amangoitchula kuti KUHeS, ndi sukulu ya ukachenjede ya boma yophunzitsa madokotala, anamwino, azamba ndi akatswiri ena a zachipatala. Nthambi zake zili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Ku Bua, kumene mtsinje wa dzina lomwelo umatulukira m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja ya Malawi, sukuluyi ilibe nyumba ngakhale imodzi. Komabe mankhwala amene mwana wa kumeneko amamwa akadwala malungo, neti imene amagonamo, ndi mmene namwino amamuonera akafika naye kuchipatala ali chikomokere, zonsezi zili ndi dzanja la sukuluyi.

Kodi sukuluyi inayamba liti, ndipo ntchito yake ndi yotani?

Inapangidwa pophatikiza sukulu ziwiri zimene kale zinali nthambi za University of Malawi. Yoyamba ndi Kamuzu College of Nursing, yomwe inatsegulidwa mu 1979. Yachiwiri ndi College of Medicine, yomwe inayamba mu 1991 ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth chimene anthu amachitcha Gulupu. Isanabwere sukulu ya madokotalayi, Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo ambiri sankabwerako. Malemu Pulofesa John Chiphangwi anali mmodzi mwa amene analimbikira kuti dziko lino lizisula lokha madokotala ake. Sukulu ziwirizi zinakhala imodzi mu 2021.

Ntchito zake ndi zitatu, ndipo n'zolukanalukana. Imaphunzitsa, imachita kafukufuku, komanso aphunzitsi ake ndi omwewo amene amaona odwala m'zipatala zikuluzikulu za Gulupu ndi Kamuzu Central. Dokotala amene m'mawa wazungulira m'mawodi ndi ophunzira ake, madzulo amakhala ali pa tebulo kuwerenga zotsatira za kafukufuku, ndipo mwezi wamawa angakhale pa msonkhano wa unduna wa zaumoyo wokonza malangizo a dziko lonse. Phindu la sukuluyi limafika kumudzi kudzera m'njira zimenezi.

Nanga dera la Bua lili ndi chiyani chofuna sukulu yotere?

Malo okhawo akufotokoza. Kuzambwe kuli nkhalango ya Nkhotakota, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, yokhala ndi njovu, njati, nguluwe ndi mbawala. Kuvuma kuli nyanja. Pakati pake pali kamtunda kotentha, ka madambo, ka minda ya chinangwa ndi sikimu ya mpunga ya Bua, ndipo chakumpoto kuli minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Madzi amene amabereketsa mpunga ndi kukweza mpasa mu mtsinje wa Bua ndi omwewonso amaswetsa udzudzu ndi kusunga nkhono za likodzo. Nyama za m'nkhalango zimasunga tizilombo ta kaodzera, ndipo kashembe amatitenga kumeneko n'kukapatsira munthu wolima kapena wotola nkhuni m'malire.

Boma la Nkhotakota lili ndi anthu pafupifupi 400,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Chipatala chachikulu cha boma chili pa boma pomwepo, pafupi ndi cha mishoni cha St Anne's, ndipo matenda akakula wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 200. M'dera lotere, kudziwa msanga chimene munthu akudwala ndiye kusiyana kwa moyo ndi imfa.

Kodi sukuluyi yachitapo chiyani pa matenda a kaodzera?

Apa ndi pamene dzina la Nkhotakota limamveka kwambiri m'mabuku a zachipatala. Kaodzera wa m'Malawi amayamba ndi kachilombo kotchedwa Trypanosoma brucei rhodesiense, kamene kanadziwika mu 1910 kuchokera kwa munthu amene anadwala m'chigwa cha Luangwa. Lero odwala ambiri amapezeka m'madera ozungulira nkhalango ya Nkhotakota ndi dambo la Vwaza ku Rumphi, ena ochepa ku Kasungu. Mu 2019 ndi 2020 matendawa anakwera mwadzidzidzi, ndipo dziko la Malawi linkapeza odwala pafupifupi 90 pa chaka, kuposa dziko lina lililonse pa mtundu umenewu wa kaodzera.

Vuto lake n'lakuti amayamba ngati malungo. Munthu amatentha thupi, mutu umawawa, m'malo olumikizana mafupa mumaphwanya. Akapita kuchipatala amamubaya chala, ndipo popeza ku Nkhotakota anthu ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi, kachipangizo koyezera malungo kangaonetse mizere iwiri. Amapatsidwa mankhwala a malungo a LA, amamwa, osachira. Amabwereranso, amapatsidwanso. Pofika pamene wayamba kugona masana n'kumakhala maso usiku, kulankhula zosamveka ndi kusintha khalidwe, abale amakhala atayamba kale kuganizira za kulodzedwa, ndipo ulendo wotsatira umakhala wa kwa sing'anga. Panthawi imeneyo kachilombo kamakhala katalowa mu ubongo. Kaodzera wopanda mankhwala amapha.

Mtundu umenewu ulibe kachipangizo koyezera mwachangu ngati ka malungo. Pamafunika munthu wa mu labotale woti adontheze magazi pa kagalasi, ayang'ane pa maikulosikopu, ndipo aone kachilombo kowonda ngati kansomba kakuphiriphitha pakati pa maselo ofiira. Diso losazolowera limaphonya, makamaka tizilombo tikakhala tochepa. Kuphunzitsa maso otere, ndi kukumbutsa ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono kuti afunse wodwala ngati amalima kapena kudutsa pafupi ndi nkhalango, ndi ntchito imene akatswiri a sukuluyi akhala akugwira limodzi ndi unduna wa zaumoyo.

Kafukufuku wa Pulofesa John Chisi wa ku College of Medicine ndi anzake, wofalitsidwa mu 2004, anaonetsa kuti kaodzera wa ku Nkhotakota amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi wa ku Uganda, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi kuchepa kwa magazi. Gulu la Dr Janelisa Musaya, wa ku KUHeS ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, lapitiriza ntchitoyi, ndipo lapeza kuti ngakhale m'Malawi momwemuno muli kusiyana: wa ku Rumphi amafulumira kufika mu ubongo, wa ku Nkhotakota amabisala nthawi yaitali. Zimenezi si nkhani ya m'mabuku chabe. Zikutanthauza kuti ku Bua munthu wofooka, wotuwa m'manja, wotentha thupi mobwerezabwereza, ayenera kuyezedwa kaodzera ngakhale asanayambe kuodzera.

Mankhwala ake asintha?

Asintha, ndipo kusintha kwake n'kwakukulu. Kwa zaka zambiri wodwala ankayamba watengedwa madzi a pamsana kuti aone ngati kachilombo kafika mu ubongo. Kakakhala kasanafike ankabayidwa suramin. Kakakhala katafika ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, owotcha mitsempha, amene pawokha ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Mankhwala atsopano otchedwa fexinidazole ndi mapiritsi omwa kamodzi pa tsiku, munthu atadya, kwa masiku 10. Anayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Uganda motsogozedwa ndi bungwe la DNDi, ndipo mu 2024 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawaika kukhala mankhwala oyamba kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo amene amalemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Kuyesaku kunatheka chifukwa m'dziko muno munali kale madokotala, anthu a mu labotale ndi ofufuza odziwa matendawa, ambiri a iwo osulidwa kuno komwe.

Pa malungo, kodi kafukufuku wasintha chiyani ku Nkhotakota?

Nkhotakota ndi boma limene ntchito yopopera mankhwala ophera udzudzu m'makoma a nyumba inayambira mu 2007, ndi thandizo la boma la America. Poyamba ankapopera mankhwala a gulu la pyrethroid, gulu lomwelo limene linkaikidwa m'maneti. Funso linali lakuti, kodi udzudzu ukufadi? Oyankha funsoli anali akatswiri a Malaria Alert Centre, nthambi ya College of Medicine, mwa iwo Pulofesa Don Mathanga ndi katswiri wa udzudzu Dr Themba Mzilahowa.

Kayezedwe kake n'kofuna kuleza mtima. M'bandakucha, udzudzu ukadali chikhutire pa khoma, ofufuza amalowa m'nyumba ndi tochi ndi kachubu koyamwira, n'kuutola umodziumodzi. Amausunga m'timakapu tophimba ndi kaneti mpaka uikire mazira, ndipo ana ake akakula amawaika m'chitini chokutidwa mkati ndi pepala la mankhwala kwa ola limodzi. Mawa lake amawerenga wakufa ndi wamoyo. Ku Nkhotakota kunapezeka kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene umaswana m'madambo osaphwa ndipo umaluma chaka chonse, unali utayamba kupirira mankhwalawo. Wambiri unkadzuka n'kuuluka.

Popanda kuwerenga kumeneku, ndalama zikanapitirira kuthiridwa pa makoma popanda phindu, anthu n'kumadabwa kuti nyumba yapoperedwa koma mwana akudwalabe. Zotsatirazo zinachititsa kuti mankhwala opopera asinthidwe n'kuyamba a gulu lina, otchedwa Actellic, amene ndi okwera mtengo. Kukwera mtengoko kunaimitsa ntchitoyi kwa zaka zingapo, ndipo inayambiranso ku Nkhotakota mu 2018. Umboni womwewo ndi umene unathandiza kuti dziko liyambe kugawa maneti okhala ndi mankhwala owonjezera otchedwa PBO, amene amafooketsa mphamvu ya udzudzu yopirira.

Mbiri ya mankhwala akumwa ndi yofanana. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, imene anthu ankaitcha Fansidar, ofufuza ataona kuti ana sakuchira. Mu 2007 SP nayo inasiyidwa, m'malo mwake munabwera LA. Katemera wa malungo wa RTS,S anayamba kuperekedwa m'Malawi pa 23 Epulo 2019, dziko loyamba pa dziko lapansi, m'maboma 11 oyeserera, ndipo ofufuza a College of Medicine ndi amene ankalondoloza mmene akuyendera.

Kafukufuku wochitikira ku Blantyre amamufika bwanji mwana wa ku Bua?

Amamufika kudzera m'manja mwa amene akumulandira. Mayi akafika pa chipatala ndi mwana amene wakomoka ndi malungo, namwino amayang'ana zinthu zitatu: ngati maso a mwanayo akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akulira moyenera akamva kuwawa, ndiponso ngati akuchotsa dzanja kapena kulondola pamene pakumupweteka akamukanikiza pa chikhadabo. Amapereka mamalikisi kuyambira 0 mpaka 5. Kayezedwe kameneka kamatchedwa Blantyre Coma Score. Kanakonzedwa ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pa wodi ya ana ku Gulupu, ndipo lero kakugwira ntchito m'mayiko ambiri a malungo. Gulu lomwelo linadzapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene ankaganiziridwa kuti wafa ndi malungo a mu ubongo anali atafa ndi matenda ena, ndipo kuyang'ana mkati mwa diso kumathandiza kusiyanitsa.

Pa chipatala chomwecho Pulofesa Elizabeth Molyneux anakhazikitsa dongosolo loti ana asamaonedwe motsata mzere wa amene wafika msanga, koma odwalitsa azipatulidwa pakhomo pomwe n'kuthandizidwa nthawi yomweyo. Imfa za ana pa wodiyo zinatsika, ndipo dongosololi, lotchedwa ETAT, limaphunzitsidwa tsopano m'zipatala za maboma onse.

Chiponde chimene mwana wonyentchera amalandira, chija cha mtedza, mkaka, shuga ndi mafuta, chinayesedwa m'Malawi kuyambira mu 2001 ndi Dr Mark Manary mogwirizana ndi College of Medicine. Kafukufukuyo anaonetsa kuti mwana angachirire kunyumba, mayi osasiya munda ndi ana ena kukagonera kuchipatala milungu yambiri. Makina a Pumani, othandiza khanda lobadwa masiku osakwana kupuma, anakonzedwa ndi Rice University ya ku America limodzi ndi madokotala a ku Gulupu asanafalitsidwe m'zipatala za maboma. Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018, ndipo mu 2023 anaperekedwa kwa ana a dziko lonse, a m'mphepete mwa nyanja omwe.

Kodi omaliza maphunziro pa sukuluyi amafikadi kumadera ngati amenewa?

Ena amafika, koma osati ochuluka monga mmene pakufunikira. Masiku ano n'chinthu chozolowereka kupeza dokotala wosulidwa ku Blantyre akutsogolera zaumoyo m'boma, chinthu chimene chinali chosowa m'zaka za m'ma 1980, pamene zipatala zambiri zinkadalira madokotala ochokera kunja. Anamwino ndi azamba a digiri ochokera ku Kamuzu College of Nursing ndi amene amayang'anira mawodi, ndipo ambiri mwa aphunzitsi a m'sukulu za unamwino za mishoni anadutsa kumeneko. Motero ngakhale mzamba amene sanapondeko pa KUHeS amakhala kuti anaphunzitsidwa ndi munthu wa kumeneko.

Koma wodwala wa ku Bua kawirikawiri amayamba kukumana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kenaka medical assistant kapena clinical officer, ndipo ambiri a iwowa amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ndi sukulu zina. College of Medicine inazindikira zimenezi n'kutsegula madigiri owonjezera a ma clinical officer, kuphatikizapo a maopaleshoni, kuti chophukacho kapena mayi wovutika pobereka athandizidwe pa boma pomwepo. Inayambitsanso maphunziro a ukatswiri wa udokotala wa banja, ochitikira m'zipatala za Mangochi ndi Nkhoma, n'cholinga chosula katswiri woti akhazikike pa chipatala cha boma.

Chimene sukulu singathe payokha ndi kulemba anthu ntchito. Pakhala zaka zimene anamwino ndi madokotala achinyamata amamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo kudikira kuti boma lipeze ndalama zowalembera, pamene zipatala za kumudzi zikulira kuchepa kwa anthu. Akatswiri ambiri amatsalira ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene kuli zipangizo, sukulu za ana awo ndi mwayi wopitiriza maphunziro. Palibe chifukwa chowadzudzulira pa zimenezi, koma zotsatira zake zimagwera munthu wa kutali.

Nanga likodzo ndi kolera?

Mwana wa m'mbali mwa nyanja amakulira m'madzi, ndipo kukodza magazi ena amakuona ngati chizindikiro cha kukula. Si choncho. Ndi mazira a nyongolotsi zolowera pakhungu kuchokera ku nkhono, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo, impso ndi ziwalo zoberekera. Kafukufuku wa asodzi a ku Mangochi anaonetsa kuti likodzo limafika ngakhale mu umuna, ndipo mwa amayi zilonda zake zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Zimene zapezeka kumeneko zikukhudza msodzi wa ku Bua ndi mayi wowokera mpunga mofanana, ndipo zikuonetsa kuti kugawa mapiritsi a praziquantel kwa ana a sukulu okha sikukwanira.

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, unavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Ma labotale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anathandiza kutsimikiza matendawa ndi kuzindikira mtundu wa kachilombo. Koma kolera amathetsedwa ndi mijigo, zimbudzi ndi klorini pa madooko a asodzi, ndipo zimenezi si sukulu imene imamanga.

Bwanji ofufuza amatenga magazi, ndipo ndani amateteza wotengedwayo?

Funso limeneli limafunsidwa m'midzi yambiri, ndipo n'loyenera kuyankhidwa mwaulemu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo ntchito zina za zaumoyo zinaima. Munthu akaona galimoto yachilendo yafika, magazi atengedwa, galimoto yapita, osamvanso kanthu, mtima wake sungakhale m'malo.

Magazi amatengedwa chifukwa tizilombo ta malungo ndi kaodzera timakhala mmenemo, ndipo muyeso wake ndi wochepa, kuyambira dontho mpaka timasupuni tingapo. Kafukufuku aliyense wa sukuluyi amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti ya sukuluyi yoona za kafukufuku kapena komiti ya dziko lonse ya unduna wa zaumoyo, ndipo kuyesa mankhwala atsopano kumafunanso chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Ofufuza amadzera kwa akuluakulu a zaumoyo a boma ndi kwa mafumu, koma kuvomera kwa mfumu sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa munthu mwini. Aliyense ayenera kufotokozeredwa m'chilankhulo chake cholinga cha kafukufukuyo, zimene zidzachitike ndi magazi ake, ndi zovuta zimene zingakhalepo, asanasayine kapena kudinda chala. Wosadziwa kuwerenga amakhala ndi mboni. Mwana amavomerezedwa ndi kholo. Wokana sataya ufulu wake wolandira chithandizo, ndipo wovomera angathe kusiya tsiku lililonse.

Pamene ofufuza ambiri amaperewera ndi pobweza mawu. Zotsatira zimasindikizidwa m'Chingerezi m'magazini a kunja, pamene agogo amene analola kuti m'nyumba mwawo mutoledwe udzudzu sanauzidwe kuti udzudzuwo unapezeka wotani. Mlendo amene wadya nsima pakhomo amayenera kutsazika, ndipo kubwerera pa bwalo la mfumu kukanena zimene zapezeka ndi mbali ya ntchito yomweyo.

Ndani amalipira zonsezi?

Maphunziro amayendera ndalama za boma ndi fizi ya ophunzira. Kafukufuku wambiri amadalira mabungwe a kunja monga Wellcome ya ku Britain, National Institutes of Health ya ku America ndi mabungwe a ku Ulaya. Thandizoli lamanga ma labotale ndi kusula akatswiri ambiri a Chimalawi, koma lili ndi msampha wake. Matenda amene opereka ndalama ali nawo chidwi ndi amene amafufuzidwa, ndipo thandizo likadulidwa, monga zinachitikira ndi mapulogalamu ambiri a boma la America mu 2025, ntchito za m'midzi ndi zimene zimayamba kuima. Kaodzera, amene amagwira anthu ochepa ndiponso osauka, amakhala pamzere wa kumapeto nthawi zonse.

Kodi vuto la ku Bua limafika bwanji m'makutu a sukuluyi?

Limayenda pa pepala. Mlangizi wa zaumoyo amalemba m'kaundula wake ana amene wawaona ndi matenda awo. Chipatala chaching'ono chimasonkhanitsa ziwerengerozo mwezi ndi mwezi n'kuzitumiza ku ofesi ya zaumoyo pa boma, kumene zimalowetsedwa m'kompyuta n'kufika ku unduna ku Lilongwe. Matenda ena, monga kolera ndi kaodzera, sadikira kutha kwa mwezi, amanenedwa msangamsanga. Akatswiri a sukuluyi amakhala m'makomiti a unduna amene amaona ziwerengerozi.

Njira ina ndi ya anthu. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi komiti yolangiza chipatala zili ndi ufulu wofunsa chifukwa chake ana a mudzi wakutiwakuti akudwala malungo nyumba zitapoperedwa, kapena chifukwa chake maikulosikopu ya pa chipatala chawo ilibe woigwiritsa ntchito. Dokotala wa pa boma amene akupitiriza maphunziro a zaumoyo wa anthu ku KUHeS amayenera kulemba kafukufuku wake, ndipo nthawi zambiri amasankha funso lochokera m'boma lake lomwelo. Kaundula wolembedwa mosamala pa chipatala chaching'ono, wokhala ndi mudzi wa wodwala, tsiku limene anayamba kudwala ndi mankhwala amene anamwapo kale, ndi umene umamupatsa poyambira.